ADAWOMBERA TIKUWADZIWA, NANGA ADAWATUMA NDANI?

Pali maliro amene amatha tsiku lomwe tafotsera manda. Anamfedwa amalira, kumeta kumachitika, ndipo pang'ono ndi pang'ono mitima imakhala pansi. Koma alipo maliro ena amene sakutha ngakhale papite zaka makumi atatu, chifukwa anthu sadamvetse chimene chidadya munthuyo. Maliro otere amachoka kumanda nkukakhala pakamwa pa anthu. Amakambidwa m'mabasi, m'nyuzipepala, pa wailesi, ndipo masiku ano ngakhale pa intaneti. Ine ndafuna tione maliro amodzi a mtundu umenewu, a dokotala wina wa ku South Africa, kuti tidzifunse funso ili: kodi mlandu wakupha ukakhala kuti sudatheretu, anthu tiziukamba motani?

Lidali Lachisanu, pa 27 Januwale 1989. Amuna awiri adafika pa kachipatala ka Dokotala Abu Baker Asvat ku Rockville, limodzi mwa madera a Soweto, komwenso kuli tchalitchi chachikulu cha Regina Mundi. Mmodzi wa iwo adalowa ngati wodwala. Namwino amene adamulandira adali mayi Albertina Sisulu, omwe amuna awo, a Walter Sisulu, pa nthawiyo adali akali m'ndende chifukwa cha mlandu umodzi ndi a Nelson Mandela. Patangopita kanthawi mayiwo adamva kulira kwa mfuti m'chipinda choyezera odwala. Achiwembu aja adathawa, ndipo dokotala adatsirizikira pomwepo, m'chipinda chomwe adachiritsiramo anthu osawerengeka. Adali ndi zaka 45, ndipo adasiya mkazi ndi ana.

MUNTHU AMENE ADAPHEDWAYO

Tisanafike ku mikangano, tiyambe tamudziwa mwini malirowa. A Asvat adabadwa m'chaka cha 1943 ku Johannesburg, m'banja la amwenye a Chisilamu, ndipo udokotala adakauphunzira ku Pakistan. Malamulo a tsankho a nthawi imeneyo adagawa anthu ngati mbewu m'nkhokwe: azungu kwaokha, amwenye kwaokha, anthu akuda kwaokha. Mmwenye wophunzira ngati iwo akadatha kutsekula chipatala pakati pa anthu a ndalama nkumadya bwino moyo wake wonse. Iwo adasankha Soweto. Adasankha anthu okhala m'zisakasa za malata, amene boma linkawagwetsera nyumba nkuwasiya pamtetete m'nyengo yozizira. Wodwala wopanda ndalama sankabwezedwa pakhomo. Pa zipolowe za ana a sukulu za 1976 adathandiza ovulala ndi zipolopolo za apolisi. Pambuyo pake adatsogolera nthambi ya zaumoyo ya bungwe la ndale la AZAPO, ndipo ankayenda ndi chipatala choyendayenda kukafika kumene madokotala ena sankapondako. Adalinso katswiri wokonda masewera a kiriketi, amene ankakana kuti masewerawo azigawidwa potsata khungu. Anthu adangowatcha dokotala wa anthu.

Taonani chinthu china chokoma. Bungwe la AZAPO ndi bungwe la UDF, lomwe mayi Sisulu adali mmodzi wa atsogoleri ake, ankalimbana ndi mdani mmodzi koma sankamwerana madzi, ndipo nthawi zina anyamata awo ankamenyana mpaka kuphana. Komabe m'kachipatala kaja mtsogoleri wa mbali iyi ndi mtsogoleri wa mbali inayo ankagwira ntchito limodzi tsiku ndi tsiku, wina Msilamu wina Mkhristu, wina mmwenye wina wakuda. Nchifukwa chake pa maliro ake padasonkhana chinamtindi cha anthu a mitundu yonse. Sungani chithunzi chimenechi m'mutu, poti tidzachifunanso kumapeto.

NKHANI ZINAYI PA IMFA IMODZI

Apolisi sadachedwe. Adagwira anyamata awiri, Zakhele Mbatha ndi Thulani Dlamini, ndipo khoti lidawapeza olakwa nkuwalamula kuti anyongedwe. Chilangocho pambuyo pake chidasinthidwa kukhala zaka zambiri m'ndende. Nkhani imene khoti lidalandira inali yakuti anyamatawo adali mbava chabe zofuna ndalama. Imeneyo ndiyo nkhani yoyamba. Koma ndalama zimene akuti zidabedwa sizidafike ngakhale R200, ndipo abale a dokotala, makamaka mbale wawo Ebrahim Asvat amenenso ndi dokotala, sadakhulupirire konse kuti nkhani idathera pa umbava.

Kuti timvetse nkhani zinazo tiyenera kubwerera m'mbuyo mwezi umodzi. Pa 29 Disembala 1988 anyamata anayi adatengedwa mokakamiza ku nyumba ya abusa a mpingo wa Methodist ku Orlando West, komwe Abusa Paul Verryn ankasunga achinyamata othawa apolisi. Owatengawo adali a gulu lotchedwa Mandela United Football Club, lomwe ngakhale lidali ndi dzina la mpira, ntchito yake yeniyeni inali kulondera mayi Winnie Mandela, ndipo anthu ambiri a ku Soweto ankaliopa. Anyamata anayiwo adawatengera ku nyumba ya mayiwo ku Diepkloof komwe adamenyedwa koopsa. Wamng'ono pa onsewo, Stompie Seipei, wa zaka 14, ankamuganizira kuti ndi kazitape wa apolisi. Mtembo wake udapezeka patchire pa 6 Januwale 1989. Patangotha masabata atatu, dokotala adaphedwa.

Nkhani yachiwiri idachokera kwa mayi Winnie Mandela eniake. Iwo adauza atolankhani kuti anyamata aja adawachotsa kwa abusa pofuna kuwapulumutsa, ati chifukwa abusawo ankawachita zonyansa, ndipo kuti a Asvat adaphedwa poti ndiwo okha akadachitira umboni za zonyansazo, popeza adapima mmodzi wa anyamata a kunyumbako.

Nkhani yachitatu idatembenuza yachiwiriyo. Ena ankanena kuti a Asvat, amene adali dokotala wodziwana bwino ndi banja la a Mandela, adaitanidwa kukaona Stompie atamenyedwa, ndipo adalangiza kuti mwanayo apite kuchipatala msanga. Ngati zidalidi choncho, ndiye kuti dokotala adaona zimene ena sadafune kuti zionedwe. Thulani Dlamini, atangogwidwa mu 1989, adauza apolisi kuti mayi Mandela adalonjeza R20,000 kuti dokotalayo aphedwe. Mawu amenewo sadatulutsidwe m'khoti pa mlandu wake. Mayiwo adakana nkhaniyi moyo wawo wonse, ndipo palibe khoti limene lidawazengapo mlandu wa imfa ya a Asvat.

Nkhani yachinayi imaloza boma la tsankho lenilenilo. A Asvat adali munga kwa boma limenelo. Ndiponso tikudziwa tsopano kuti apolisi achitetezo adali ndi nthambi yotchedwa Stratcom, imene ntchito yake inali kupeka ndi kufalitsa mabodza pofuna kuipitsa mayina a olimbana ndi tsankho. Wapolisi wina wakale, Paul Erasmus, adaulula poyera kuti mayi Mandela adali mmodzi wa anthu amene nthambiyo inkawadetsa. Chinanso: Jerry Richardson, mkulu wa gulu la mpira lija, amene khoti lidamupeza wolakwa mu 1990 pa imfa ya Stompie, zidadziwika pambuyo pake kuti iyeyo ndiye ankapereka nkhani kwa apolisi. Tsono amene amakhulupirira nkhani yachinayiyi amafunsa kuti: m'madzi ovunduka chotere, mungaone bwanji nsomba?

PAMENE DZIKO LIDAFUNSA POYERA

Mu 1991 mayi Mandela adapezeka olakwa pa mlandu wotenga anyamata aja mokakamiza, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Atachita apilo, mu 1993 chilangocho chidasanduka chindapusa cha R15,000. Pa mlandu umenewo mmodzi wa oimbidwa mlandu, Katiza Cebekhulu, adasowa mlandu usanayambe, ndipo adadzapezeka ali m'ndende ku Lusaka, m'dziko la Zambia, komwe adasungidwa popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. Mnyamata ameneyu ndi yemwe uja a Asvat adamupima.

Mwayi waukulu wofukula zoona udafika mu 1997. Bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lomwe ntchito yake inali kufufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu ulamuliro wa tsankho utatha, lidakhala pansi ku Johannesburg kuyambira pa 24 Novembala mpaka pa 4 Disembala kumvetsera za gulu la mpira lija. Wapampando adali Arkibishopu Desmond Tutu wa mpingo wa Anglican. Dziko lonse linkaonera pa kanema. Mbatha ndi Dlamini adabwera kuchokera kundende, ndipo onse awiri adatchula mayi Mandela. Koma nkhani zawo zinkasemphana, ndipo zinkasiyananso ndi zimene iwo omwe adanena kale. Cebekhulu adabwera kuchokera ku Britain, koma umboni wakenso udali ndi mabowo. Padatuluka kadi la odwala losonyeza kuti Cebekhulu adapimidwa pa 30 Disembala 1988, tsiku limene mayi Mandela adauza khoti kuti adali kutali, ku Brandfort. Anthu adayembekeza kuti mayi Sisulu atsimikiza kadilo, koma iwo adati zolembedwapo si za dzanja lawo. Potsiriza a Tutu adachonderera mayi Mandela kuti apepese. Mayiwo adavomera kuti zinthu zidalakwika koopsa, napepesa kwa banja la a Asvat ndi kwa mayi ake a Stompie, koma milandu yonse adaikana.

Lipoti la komishoniyo lidaperekedwa kwa Pulezidenti Nelson Mandela mu Okutobala 1998. Lidadzudzula mayi Mandela kwambiri pa nkhanza za gulu la mpira lija. Lidayeretsa Abusa Verryn, nkunena kuti adangonamiziridwa. Koma pa imfa ya dokotala silidathe kunena kuti adatuma ndi uje, ndipo lidadzudzula apolisi a 1989 chifukwa chosafufuza mokwanira ngati imfayo inkakhudzana ndi nkhani ya Stompie. Pamenepo ndi pamene mlanduwu udaima. Jerry Richardson adafera m'ndende mu 2009. Mayi Sisulu adamwalira mu 2011, mayi Mandela pa 2 Epulo 2018, a Tutu mu Disembala 2021. Mboni zikutha, koma funso likadalipo.

MATENDA AWIRI A PAKAMWA

Tsono ndinene maganizo anga. Mayi Mandela atamwalira mu 2018 nkhaniyi idabukanso ngati moto wa m'chilimwe, ndipo anthu adagawika pawiri monga momwe akhala akugawikira kuyambira 1989. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi matenda ake.

Mbali yoyamba imati: khalani chete. Imati mayiyu adazunzika kwambiri chifukwa cha ufulu wa anthu akuda, ndipo zimenezo nzoona. Adatsekeredwa masiku 491 kuyambira mu 1969, nthawi yambiri ali yekhayekha m'chipinda. Mu 1977 adathamangitsidwira ku Brandfort, kutali ndi kwawo. Adalera ana mwamuna ali m'ndende zaka 27. Choncho, ikutero mbali iyi, aliyense wofunsa za imfa ya dokotala akungobwereza mabodza a Stratcom. Amenewa ndi matenda a mantha ovala chovala cha ulemu. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma sadanene kuti tizinamizira kuti pamkhatepo palibe chimene chikugwedera. Amene adayamba kufunsa mafunso sadali azungu okha ayi. Pa 16 Febuluwale 1989 atsogoleri a UDF ndi a bungwe la antchito la COSATU, anthu amene adalawa ndende ndi zikwapu za boma lomwelo, adalengeza poyera kuti akudzipatula kwa mayi Mandela chifukwa cha zochita za gulu la mpira lija. Kodi onsewo adali akazitape? Nanga banja la a Asvat, limene lidataya mwana wawo pa ntchito yotumikira osauka, lilibe ufulu wofunsa? Kuzunzika kwa munthu kumatipatsa chifukwa chomulemekeza, koma sikumamuika pamwamba pa mafunso. Ufulu umene umaletsa mkazi wamasiye kufunsa amene adapha mwamuna wake ndi ufulu wopereŵera.

Mbali yachiwiri imati: aliyense akudziwa. Imeneyi ndiyo mbali yotsekemera, chifukwa munthu amamva ngati ndi wolimba mtima pamene akutchula dzina la munthu wamkulu. Koma "aliyense akudziwa" si umboni. Tiyeni tiwerenge bwino chimene chili m'manja. Tili ndi mawu a anthu awiri opha munthu, amene nkhani yawo idasintha kangapo, ndipo adali ndi chifukwa chofunira kuti mlandu ugwere wina. Tili ndi mboni imene komishoni yomweyo idaikayikira. Tili ndi kadi limene namwino adalikana. Zonsezi nzokwanira kuti wapolisi wakhama ayambe kufufuza, koma sizokwanira kuti woweruza wachilungamo agamule. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ambiri amene amagamula mlanduwu lero sadawerengepo ngakhale tsamba limodzi la lipoti lija. Adangomva kwa amene adamva.

Ndipo ngati wina akuyesa kuti kunamizira munthu ndi nkhani yaing'ono, ayang'ane Abusa Verryn m'nkhani yomweyi. Bodza limodzi lidawaveka manyazi pamaso pa dziko lonse, ndipo padatenga pafupifupi zaka khumi kuti dzina lawo liyeretsedwe ndi komishoni. Ayang'anenso Stompie. Chidamupha mwana uja nchiyani poyambirira? Ndi mphekesera yakuti ndi kazitape. Palibe adamupatsa mpata woti adziteteze. Anthu adangoti aliyense akudziwa. Choncho amene amagamula mlandu wa dokotala ndi mphekesera akugwiritsa ntchito chida chomwe chija chidapha mwanayo, kungoti achilozetsa kwina.

NJIRA IMENE NDIKUIKHULUPIRIRA

Nanga titani? Tisiye kukamba? Iyayi. Mlandu suwola, ndipo chimene chimausunga kuti usawole ndi pakamwa pa anthu okana kuiwala. Banja la a Asvat likadakhala chete, nkhani ikadathera pa mbava ziwiri ndi ndalama zosafika R200, ndipo mawu a Dlamini a mu 1989 akadangogona m'mafayilo a apolisi. Kukamba nkofunika. Koma pali kakambidwe kamene kamathandiza chilungamo, ndi kena kamene kamachikwirira.

Ine ndikuti wokamba za mlandu wotere akhale ngati mayi wopeta chimanga, amene amadziwa kusiyanitsa mphale, gaga ndi miyala. Pali zinthu zotsimikizika: dokotala adawomberedwa pa 27 Januwale 1989, owombera adali Mbatha ndi Dlamini, mawu a Dlamini otchula mayi Mandela sadafike m'khoti, ndipo komishoni idapeza kuti apolisi sadafufuze mokwanira. Zimenezi tizinene mosaopa ndi mokweza. Pali zinthu zonenedwa: kuti padalonjezedwa R20,000, kuti dokotala adaona Stompie atamenyedwa. Zimenezi tizinene pamodzi ndi dzina la wozinena, ndiponso tisaiwale kunena kuti wonenedwayo adakana. Ndiye pali funso lotsala, lakuti kodi adalipo amene adatuma, ndipo ngati adalipo ndani. Limenelo tilisiye lotsekula, ndipo tizilifunsa kwa oyenera kuyankha. Amene amasakaniza zitatuzi m'lichero limodzi amaphikira anthu nsima ya mchenga.

Ndikudziwa kuti wina mwa inu anena kuti: mnzathu, uku ndi kuopa chabe, ukuyenda pakati kuti usapse mbali iliyonse, pamene mapanga awiri avumbwitsa. Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Nzoona kuti anthu amphamvu amakonda kubisala kumbuyo kwa mawu akuti palibe umboni, pamene umboniwo adauwononga ndi iwo omwe kapena anzawo. Mboni ikasowa nkukapezeka m'ndende ya dziko lina, munthu wanzeru sangangoti zidangochitika. Koma taganizani bwino. Ngati umboni udabisidwa, mlandu umene tingathe kuutsimikiza ndi wa kubisa umboniwo. Tsono tiyeni tikuwe pamenepo. Tifunse kuti: bwanji mawu a Dlamini sadatsatidwe mu 1989? Adalamula ndani kuti asiyidwe? Adatulutsa Cebekhulu m'dziko ndani, ndipo chifukwa chiyani? Mafunso amenewa ali ndi mano kuposa kungotchula dzina, chifukwa ali ndi eniake oti ayankhe, ali ndi mapepala oti atsekulidwe. Kutchula dzina popanda umboni kumapatsa wolakwa, ngati alipo, mpata wokoma wonena kuti akungomuda. Kufunsa funso lolunjika sikumupatsa pothawira. Choncho kusamala pokamba si mantha ayi. Ndi kunola mkondo usanauponye.

Pali chinthu chinanso chimene tiyenera kuchiona. Mphekesera sizimera paliponse. Zimamera m'munda umene eni ake adausiya osalima. Apolisi a 1989 adali ndi anthu awiri m'manja, adali ndi mawu otchula wotuma, mboni zonse zidali zamoyo ndipo zinkakumbukira bwino. Akadagwira ntchito yawo chaka chomwecho, mwina mayi Mandela akadayeretsedwa kotheratu, kapena akadayankha mlandu m'khoti. Zonse ziwirizo zikadakhala bwino kuposa zimene zidachitika, zoti munthu akhale zaka pafupifupi makumi atatu, mpaka kulowa m'manda, ali wosaweruzidwa komanso wosayeretsedwa. Kufufuza kwa ulesi kumalakwira anthu atatu nthawi imodzi: wophedwa, amene sapeza chilungamo, woganiziridwa, amene sapeza mpata wodziyeretsa, ndi mtundu wonse, umene umazoloŵera kukhulupirira manong'onong'o kuposa makhoti. Pamene komishoni inkakhala pansi mu 1997 padali patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, ndipo aliyense adali atapeza nthawi yokwanira yokonza nkhani yake. Pakadafunda padajiwitsa galu.

DOKOTALA ADASOWA M'NKHANI YAKE YOMWE

Chimene chimandiwawa koposa ndi ichi. Yesani kufunsa munthu amene adamvapo dzina la Asvat kuti akuuzeni chimene akudziwa. Ambiri adzayamba ndi dzina la mayi Mandela, nkutsirizanso ndi dzina lomwelo. Kwa odana ndi mayiwo, dokotala ndi mwala wogendera. Kwa okonda mayiwo, dokotala ndi dzina lochititsa manyazi lofunika kulilumpha msanga. Mbali zonse ziwiri zamuphanso kachiwiri, poti zamusandutsa chida pa mkangano wa anthu ena. Ndani akukamba za ana a m'zisakasa amene adawapima ulere? Ndani akukamba za odwala amene adafika pa kachipatala kaja Loweruka m'mawa nkupeza kuti dokotala wawo kulibe? Imfa ya dokotala siili ngati imfa ya munthu mmodzi. Chitsime chikakwiririka, ludzu limagwira mudzi wonse. Amene adataya kwambiri pa 27 Januwale 1989, kupatula banja lake, adali anthu opanda mayina m'nyuzipepala, ndipo m'mikangano yonseyi mawu awo samveka.

Mukukumbukira chithunzi chija ndidati musunge? Munthu wa AZAPO ndi mayi wa UDF m'chipinda chimodzi, akumanga mabala a aliyense wobwera, osafunsa kuti ndi wa chipani chiti. Munthu amene adakhala moyo wotere sayenera kukumbukiridwa ndi mkangano wa magulu awiri osamvana, limene lililonse lidagamula kale mlandu lisanamve umboni. Iye pogwira ntchito yake sankalemba mankhwala asanapime wodwala. Ankayamba wafunsa, wamvetsera, wagwira pamene pakupweteka, ndipo chimene sadachipeze sankachipeka. Ulemu woyamba umene tingamupatse ndi kuukamba mlandu wake mwa njira yomweyo.

Anzanga, ambiri a ife tidzakhala anthu amene mawu athu adzamvedwa ndi ena, kaya m'kalasi, kaya mu ofesi, kaya pa bwalo la mudzi. Tsiku lina padzagwa imfa yosamveka bwino pafupi nafe, ndipo anthu adzabwera kudzatinong'oneza dzina. Ena adzatiuza kuti titseke pakamwa poti wotchulidwayo ndi wamkulu. Ena adzatiuza kuti tilifalitse poti aliyense akudziwa. Pa tsiku limenelo tidzakumbukire kachipatala ka ku Rockville. Tidzafunse wotinong'onezayo kuti: mwaona ndi maso kapena mwamva? Mwamva kwa yani? Nanga apolisi mwawauza? Ndipo tikatero tisadzakhale pansi nkupinda manja, koma tidzapite nawo anamfedwa kukagogoda pa khomo la oyenera kuyankha, chaka ndi chaka, monga momwe abale a Dokotala Asvat adachitira.